Mulu wa Matimati ndi Sitolo ya Magalasi: Za Misika ya m'Dziko la Tiyi

Munthu wochoka ku Limbe kulowera ku Thyolo pa msewu wa phula, akapitirira Chigumula, amafika pa Bvumbwe asanalowe m'minda ya tiyi. Pamenepo galimoto imayenda pang'onopang'ono, pakuti pa tsiku la msika anthu amasefukira mpaka mumsewu, ndipo m'mbali monse mumakhala madengu a matimati, milu ya kabichi, mitolo ya mpiru ndi repu, kaloti, zitheba, nsawawa ndi anyezi. Zambiri mwa zimenezi sizigona pa Bvumbwe. Dzuwa lisanafike pamutu zimakhala zitakwera kale m'maminibasi ndi m'malole aang'ono, ndipo madzulo ake zimaphikidwa ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa.

Ulendo wosakwana ola limodzi kuchoka pamenepo, mumzinda wa Blantyre, kuli malonda a mtundu wina. Kumeneko kuli masitolo aakulu a zitseko za magalasi, amene masiku ano atchedwa masupamaketi, mmene nyali zimayaka ndi usana womwe, ndipo munthu amadzitengera yekha katundu m'mashelefu, nakankha kangolo kake, nakalipira potuluka. M'menemonso muli matimati, kabichi ndi anyezi, koma zotsukidwa, zoyezedwa pa sikelo, zokutidwa m'pulasitiki ndi zolembedwa mtengo umene sunenereredwa.

Anthu ambiri ophunzira, makamaka amene anayendako ku Johannesburg kapena ku Ulaya, amanena kuti malonda a mtundu wachiwiriwu adzameza a mtundu woyamba uja, monga zinachitikira m'mizinda yambiri ya kumeneko, ndi kuti msika wa pansi ndi chinthu chakale chimene chikungodikira tsiku lake. Mawu amenewa ayenera kuyesedwa ndi zimene zikuoneka ku Thyolo, pakuti boma limeneli ndilo limodzi mwa madimba aakulu a mzinda wa Blantyre, ndiponso ndilo kwawo kwa anthu zikwi zambiri amene chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chimachokera pamsika.

Chifukwa chake anthu a kumudzi amadya zogula

Kuti munthu amvetse mphamvu ya misika ya ku Thyolo, ayambe wafunsa chifukwa chake anthu a kumudzi, amene m'maboma ena amadya za m'munda mwawo, kuno amadya zogula. Yankho lake lili m'nthaka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Azungu anatenga malo aakulu m'mapiri a Shire, ndipo khofi atakanika, fodya ndi thonje zitayesedwa, tiyi ndiye anakhazikika, poyamba ku Mulanje, pambuyo pake ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo maina ena monga Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima ndi Makwasa ngodziwika kwa mwana aliyense wa m'bomalo. Minda yotere inafuna manja ambiri, ndipo manjawo anachokera makamaka kwa Alomwe amene ankawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Iwowa ankaloledwa kumanga ndi kulima pa malo a Mzungu, koma lendi yake inali ntchito ya thangata, imene akuluakulu a kumeneko saitchula akumwetulira. Nkoyenera kukumbukira kuti chipolowe cha mu Ogasiti 1953, chimene chinafalikira m'chigawo cha kumwera nichiphetsa anthu 11, chinayambira pa mkangano wa malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza. Chipatso m'dziko la tiyi sichinakhalepo chinthu chaching'ono.

Lamulo la mu 1962 linathetsa thangata, koma kupanikizana kwa malo sikunathe. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, ndipo pamene malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi, makademiya ndi mitengo ya bulugama ya maesiteti, mabanja ochuluka amalima timinda tating'ono, tina ta m'matsitso, timene chimanga chake chimatha mvula isanagwe. Pakati pa 2004 ndi 2011 Boma linayesa kupeputsa vutoli ndi ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inapezera malo atsopano mabanja oposa 15,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene anasamukira ku Machinga, ku Mangochi ndi m'maboma ena. Otsala ndiwo ochuluka. Kwa iwo msika ndiwo nkhokwe, ndipo chimanga chambiri chimene amagula chimabwera kuchokera kutali, china kuchokera ku Mozambique kudzera pa Muloza.

Kale Mzungu ankapereka phoso, ndilo ufa, nyemba ndi mchere, ndipo wantchito ankaona ndalama akatsiriza tikiti yake ya masiku 30. Lero maesiteti amaphikira antchito chakudya cha masana, koma cha madzulo, ndi cha ana otsala kunyumba, chiyenera kugulidwa. Chifukwa chake pa tsiku la malipiro msika umadzibadwira wokha pafupi ndi chipata cha esiteti: ogulitsa nsomba, kaunjika, ziwiya, mandasi ndi masamba amafika atayala kale masaka awo antchito asanatuluke. Palibe khonsolo imene inaukhazikitsa msika wotere. Unatsata ndalama, monga njuchi zitsata maluwa a nandolo.

Masitolo amene anabwera napita

Sitolo si chinthu chachilendo m'dziko lino. Kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878, inafalitsa masitolo ake m'maboma ambiri, ndipo anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oiyendetsa. Pambuyo pake panabwera Kandodo. Amwenye nawo anali ndi masitolo pa malo alionse a malonda, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene Boma la Dr. Banda linalamula kuti achoke kumidzi akachite malonda m'mizinda. Mu 1973 panayamba People's Trading Centre, imene aliyense ankaidziwa kuti PTC, ndipo inafika pafupifupi pa boma lililonse. Masitolo akalewa, makamaka a kumidzi, sanalimbane kwenikweni ndi msika, pakuti malonda awo anali nsalu, sopo, mchere, shuga, palafini ndi makasu. Mayi ankagula mchere m'sitolo, natuluka kukagula ndiwo pansi pa mtengo, ndipo aliyense anali ndi gawo lake.

Zinthu zinasintha kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, pamene Shoprite, kampani ya ku South Africa, inatsegula sitolo yake pa Chichiri. Pamenepo anthu anaona masamba, zipatso, nyama, mkaka ndi buledi pansi pa denga limodzi lalikulu, ndipo zina mwa zimenezi zinkabwera pa malole oziziritsa kuchokera ku South Africa, kudutsa m'Zimbabwe ndi ku Tete, nkulowera pa Mwanza. Apa ndi pamene anthu anayamba kulosera imfa ya msika.

Koma taonani chimene chachitika. Dzina la Mandala latsala pa dera lina la mumzinda ndi pa nyumba yakale yosanja. Kandodo watsala pakamwa pa makondakitala a minibasi, poitanira anthu otsikira pa Kandodo Corner Shop. PTC inagulitsidwa ndi Press Corporation mu 2022, ndipo chaka chomwecho, itamira m'ngongole, inatsekedwa. Mu 2025 Shoprite inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake asanu a m'Malawi, itachoka kale ku Kenya, ku Nigeria ndi ku Uganda. Akale anati mlendo ndi mame. Sitolo imene imadzaza mashelefu ake ndi katundu wogula kunja imadwala nthawi iliyonse pamene ndalama zakunja zasowa m'mabanki, ndipo Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nitsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa apulo wa ku Cape unathawa anthu ambiri amene kale ankamugula. Mpiru wa pa Bvumbwe sudikira dola kuti ufike pamsika, ngakhale kuti feteleza ndi mbewu zake zimakwera ndithu.

Wowerenga asafulumire kunena kuti masitolo aakulu atha. Sanathe ayi. Chipiku, Sana ndi ena akugulitsabe, ndipo sitolo ikatsekedwa ndi mwini wake wina amaitsegula ndi dzina lina. Chimene mbiri imeneyi ikusonyeza ndi chakuti msika wa pansi uli ndi mizu imene sitolo sinaipeze.

Muyeso wa mulu

Muzu woyamba ndiwo muyeso. Tiyi amaphuka kwambiri m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo kapena Meyi, ndipo pamenepo maesiteti amalemba anthu ochuluka. Chilimwe chikafika, masamba amachepa, ndipo ambiri mwa olembedwa kwa kanthawi amabwerera kumudzi. Ngakhale kuti kuyambira mu 2016 malipiro amakambidwa pakati pa bungwe la eni minda, la Tea Association of Malawi, ndi bungwe la antchito a m'minda, ndalama ya wothyola tiyi ikadali yoti iwerengedwe kawiri isanatuluke m'thumba. Munthu wotere sagula kilogalamu ya kanthu. Amagula za lero.

Msika umadziwa kudula chakudya molingana ndi ndalama imene ili m'manja. Matimati amaikidwa m'milu ya atatu kapena anayi, usipa ndi matemba zimayezedwa pa kambale, mafuta ophikira amathiridwa m'timapepala ta pulasitiki tokwana mphika umodzi, ndipo ufa umamangidwa m'timatumba tating'ono timene anthu a m'tauni anatipatsa dzina lakuti walkman. Kabichi amadulidwa pakati, ngakhale panayi. Mtengo umanenereredwa, ndipo wogula wozolowereka, amene wogulitsa amamuitana kuti achemwali kapena anganga, amalandira banyira, ndipo zikavuta amatenga pa ngongole kufikira tsiku la malipiro. Mtsikana wa pa makina a m'sitolo, ngakhale atakhala wachifundo chotani, alibe mphamvu yoonjezera phwetekere mmodzi pa zimene sikelo yanena.

Muzu wachiwiri ndiwo mtundu wa chakudya. Ndiwo zimene anthu a ku Thyolo anakula nazo sizipezeka kawirikawiri m'mashelefu: chisoso, bonongwe, kholowa, khwanya, nkhwani wotendera, chigwada, nandolo wamuwisi, ndi kalongonda amene Alomwe amamuphika tsiku lathunthu kuti ululu wake uchoke. Pali makaka, chinangwa chouma chija chimene chimapulumutsa mabanja m'miyezi ya njala. Pali bowa ndi ngumbi mvula ikagwa. Pali matemba a ku Chilwa ndi makakana ndi milamba yowamba ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, imene imakwera mapiri pa njinga. Sitolo imafuna katundu wofanana chaka chonse, koma msika umasintha ndi mwezi, ndipo mayi wodziwa angathe kunena nyengo pongoyang'ana zimene zayalidwa pansi.

Tsono pali za ulendo ndi za kusunga. Wokhala ku Makwasa, ku Thekerani kapena ku Khonjeni sangalipire minibasi yopita ku Blantyre ndi kubwerera kuti akagule ndiwo, pakuti ndalama ya ulendoyo yokha ikanadyetsa banja masiku angapo. Ndiponso nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi, ndiye kuti zilibe firiji. Sitolo yaikulu inapangidwira munthu wa galimoto ndi firiji, wogula kamodzi pa sabata kapena pa mwezi. Amene alibe ziwirizi amasunga chakudya chake pamsika, nakatapako tsiku ndi tsiku.

Sikuyenera kuiwalika kuti msika ndi ntchitonso. Pa mulu uliwonse pali mlimi wa kudimba, wopikula, wakabaza wonyamula dengu, mnyamata wosenza matumba, ndi mayi, kawirikawiri wamasiye kapena wosiyidwa ndi mwamuna amene anapita ku Joni, amene amalipira sukulu ya ana ndi phindu la masamba. Mpamba wake ndi dengu limodzi, ndipo palibe amene amamufunsa satifiketi.

Komabe pa zonsezi pali choonadi chowawa chimene okonda misika sakonda kuchitchula. Mphamvu ya msika wa ku Thyolo yatsamira pa umphawi wa ogula ake. Wogula mafuta a m'kapepala tsiku ndi tsiku amalipira zambiri pa mwezi kuposa wogula botolo lalikulu kamodzi, kotero kuti wosauka ndiye amagula modula. Ndipo palibe chitsimikizo chakuti mwana wa wothyola tiyi, akadzaphunzira nadzapeza ntchito ya malipiro abwino, adzabwerera kudzaponda matope amene mayi ake ankaponda.

Pamene sitolo ikupambana

Anthu otere alipo kale. Aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi mamanejala a m'maesiteti, ogwira ntchito pa boma, ndi a pa sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya ku Ndata, kufupi ndi Goliati, imene inatsegulidwa mu 2014, ambiri a iwo mwezi ukatha amapita ku Limbe kapena ku Blantyre. Awa ndiwo ogula amene msika ndi sitolo zikulimbirana, ndipo ngakhale ali ochepa, ndiwo ali ndi ndalama. Chimene chimawakokera ku sitolo si kunyada kokha ayi. Sitolo ili ndi denga, simenti pansi, madzi, chimbudzi, sikelo ndi firiji. Misika yambiri ya m'bomali ilibe zambiri mwa zimenezi, ndipo kumene mashedi anamangidwa, ogulitsa anachuluka kale kuposa malo, kotero kuti masamba amayalidwa pa saka m'mphepete mwa msewu, fumbi ndi utsi wa magalimoto zikugwerapo. Thyolo ndi dziko la mvula yambiri ndi chiperoni. Mu Januwale msika umasanduka dambo.

Kolera imene inayamba mu Marichi 2022 nipitirira mpaka 2023, nipha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inakumbutsa aliyense kuti malo ogulitsira chakudya opanda mpopi ndi chimbudzi ngoopsa. Palinso madandaulo ena amene ogula amawadziwa bwino: chidebe chophwanyidwa pansi kuti chilowe zochepa, mulu wokhala ndi matimati abwino pamwamba ndi oola pansi, ndi mankhwala oyera amene alimi ena amapopera mbewu zitatsala pang'ono kuthyoledwa. Ochita zimenezi si onse, koma amaipitsa mbiri ya onse.

Choipa koposa ndicho kuola. Alimi a m'madimba amabzala nthawi imodzi nakolola nthawi imodzi, ndipo matimati akachuluka mtengo umagwa mpaka dengu lathunthu silibweza ndalama ya mbewu ndi mankhwala. Wopikula wochokera mumzinda amadziwa kuti mlimi sangabwerere ndi katundu wake kunyumba, choncho amangoima pambali kudikira kuti dzuwa lipendeke. Zimene sizinagulidwe pofika madzulo zimagulitsidwa motaya kapena kutayidwa kumene. Miyezi ingapo pambuyo pake, mvula ikachuluka ndi matenda a mbewu atabuka, matimati omwewo amasowa nakwera mtengo. Sitolo imapirira zotere chifukwa cha chipinda chake chozizira. Pamsika chitayiko chonse chimagwera mlimi ndi mayi wogulitsa.

Khomo la kuseri

Pali khomo lina la sitolo limene ogula saliona, ndilo la kuseri, lolowera katundu. Kwa mlimi wa ku Thyolo mpikisano weniweni uli pamenepo. Sitolo yaikulu siikana masamba a m'dziko muno, ndipo ambiri amene ali m'mashelefu ake ngolimidwa konkuno. Koma imafuna kuti katundu afike pa tsiku lopangana, wochuluka mofanana sabata iliyonse, wosankhidwa kukula ndi maonekedwe, ndiponso kuti wobweretsa akhale ndi mapepala a msonkho ndi akaunti ya kubanki, ndi kuti adikire malipiro ake masiku angapo, mwina masabata. Mlimi wa kadimba kamodzi sangakwanitse zimenezi. Iye amafuna ndalama ya pamanja lero, kaya ya mapepala kaya ya pa foni kudzera ku Mpamba kapena Airtel Money, pakuti madzulo akagule ufa. Motero amene amalowa pa khomo la kuseri ndi alimi aakulu ndi amalonda apakati okhala ndi galimoto, ndipo amalondawo nthawi zambiri amakagula pa misika yomweyo, nasankha zokongola, nazitsuka. Kabichi mmodzi angathe kugulitsidwa m'mawa pa saka ndi madzulo pansi pa nyali, mtengo wake utasintha, koma mlimi osaonapo kusiyana.

Nchodabwitsa kuti Thyolo amadziwa kale kugulitsa ku masitolo aakulu a dziko lapansi. Tiyi wa m'minda yake, wogulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe kapena mwachindunji, amamwedwa ku Britain ndi ku South Africa, ndipo makademiya ake amapita kutali koposa. Tsamba la tiyi limafika ku London lili bwinobwino, pamene phwetekere wolimidwa kuseri kwa mpanda wa esiteti yomweyo amaola asanafike pa Chichiri. Kusiyana kwake nkwakuti tiyi ali ndi fakitale, sikelo, galimoto ndi mgwirizano wolembedwa.

Kuti alimi ang'onoang'ono angathe kupeza zotere, umboni wake ndi mkaka. Thyolo ndi limodzi mwa maboma otsogola pa ulimi wa ng'ombe za mkaka, ndipo alimi ake ambiri ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri za m'khola, zodya udzu wochita kumweta. Mkaka umaonongeka msanga kuposa phwetekere. Koma alimiwo anasonkhana m'magulu, pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo gulu lililonse lili ndi malo amene mkaka umayesedwa ubwino wake, kuyezedwa, kulembedwa m'buku ndi kuthiridwa m'thanki yoziziritsa kufikira galimoto ya kampani itabwera. Alimi amadandaula ndithu kuti mtengo umene makampani amapereka ngochepa, ndipo magetsi akazima mkaka umasasa; ena amagulitsa pambali kwa anyamata a njinga. Koma mkaka wa mayi wa ng'ombe imodzi wa pa Bvumbwe umafika m'firiji ya sitolo ya mumzinda, chinthu chimene mpiru wake sunachite. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano dengalo ndi lenileni, la malata, lokhala ndi thanki pansi pake.

Apa ndi pamene makhonsolo ayenera kudzifunsa. Khonsolo ya boma la Thyolo ndi ya Luchenza zimadula chiphaso kwa wogulitsa aliyense tsiku lililonse la msika, ndipo ndalama imeneyi ndi gawo lofunika la chuma chimene makhonsolo amatolera okha. Wogulitsa amene walipira ali ndi ufulu wofunsa kuti mpopi uli kuti, chimbudzi chikutsukidwa ndi yani, ndi zinyalala zichotsedwa liti. Zofunika si nyumba zosanja. Ndi mashedi okwanira, matebulo a simenti, ngalande, sikelo ya onse imene aliyense angaikepo katundu wake, ndi chipinda chozizira choyendera mphamvu ya dzuwa pa misika ikuluikulu yopikulitsa. Pa Bvumbwe pomwepo pali malo a Boma ofufuzira za ulimi wa zipatso ndi masamba. Nzeru ya kabzalidwe kosinthanitsa, kuti alimi onse asakolole sabata imodzi, siyenera kuyenda ulendo wautali kuti ifike kwa eni ake.

Za nthochi

Koma denga ndi chipinda chozizira sizithandiza ngati m'dengu mulibe kanthu, ndipo nkhani ya nthochi ikusonyeza kuti msika ungagonje popanda sitolo kuukhudza. Kwa zaka zambiri dzina la Thyolo linkayendera limodzi ndi nthochi. Za ku Thekerani ndi ku Masambanjati zinkadzaza malole ndi mabogi a sitima ya pamtunda, pa njanji yodutsa pa Sandama ndi Luchenza, ndipo zinkadyedwa mpaka ku Lilongwe. Mabanja opanda malo okwanira chimanga ankakhalira mikoko ya nthochi, pakuti nthochi imabereka chaka chonse ndipo imamera ngakhale pa matsitso. Kenaka anafika matenda a chisaka, amene anaoneka koyamba m'dziko muno ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990. Amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu ndiponso ndi ana a nthochi otengedwa ku munda wodwala. Masamba amafupika nathithikana pamwamba, ndipo mtengowo subalanso. Mankhwala ake palibe, koma kuzula phata lonse. Pofika m'zaka za m'ma 2010 minda yambiri ya ku Thyolo ndi ku Mulanje inali itatha, ndipo misika ya m'mizinda, pamodzi ndi masitolo omwe, inayamba kugulitsa nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Boma lakhala likulimbikitsa kugula za m'dziko muno, makamaka kuyambira mu 2016 pamene linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi. Mu Marichi 2025 linapitirira pamenepo, niletsa kuitanitsa kunja zinthu zingapo zimene zimapezeka konkuno, monga mkaka wamadzi, mpunga, ufa, mbatata ya kachewere, anyezi, ndi zipatso ndi masamba zimene dziko lino limalima. Cholinga chake chinali chabwino, ndipo alimi ambiri anachilandira. Koma Tanzania inabwezera mu Epulo potseka malire ake ku zokolola za Malawi, ndipo maiko awiriwa anachita kukhala pansi mu Meyi kuti malonda ayambenso kuyenda. Lamulo lingathe kutseka chipata, koma silingabzale nthochi.

Kubzalako kwayamba. Boma pamodzi ndi mabungwe othandiza lakhala likugawa mbewu ya nthochi yopanda matenda, ndipo alangizi akuuza alimi kuti azule zakale zonse asanabzale zatsopano. Apa ndi pamene pavuta, pakuti munthu sazula msanga phata limene likumupatsabe kamkoko kamodzi pa chaka, ndipo munda umodzi wosazulidwa umabwezera matenda m'minda yonse yoyandikana nawo. Mafumu ndiwo angathe kugwirizanitsa mudzi wonse kuti uzule pamodzi. Nthochi yobzalidwa lero imatenga chaka kapena kupitirira kuti ipereke mkoko woyamba, ndipo banja lozula liyenera kukhala ndi china chogulitsa pamsika m'miyezi yonseyo.